Digiri, satifiketi kapena ntchito kaye? Mafunso a ofuna ntchito ya makompyuta m'chigwa cha Shire

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje mumabuka mkangano. Mwana akufuna "za makompyuta." Amalume akuti apite ku koleji basi. Mnzake amene ali ku Blantyre akumuuza pa WhatsApp kuti masiku ano digiri ndi yotaya nthawi, chofunika ndi satifiketi ya Cisco. Mayi nawo akuti bola akayambe kuthandiza pa shopu yosindikiza mapepala ku Nchalo, azibwera ndi ya sopo. Onsewa ali ndi mfundo, kungoti aliyense akuyankha funso lakelake. Nawa mafunso amene achinyamata ndi makolo amafunsa kawirikawiri pa nkhaniyi, ndi mayankho ake.

Mwa zitatuzi, njira yoposa zinzake ndi iti?

Funsoli lili ndi mkulu wake amene ayenera kuyankhidwa kaye: mukufuna adzakulembeni ntchito ndani, ndipo ntchito yanji? "Za makompyuta" si ntchito imodzi. Wina amakonza makompyuta ndi mapulinta akawonongeka. Wina amayala mawaya ndi kusamalira netiweki. Wina amalemba mapulogalamu. Wina amasonkhanitsa ndi kusanthula ziwerengero. Wina amateteza makompyuta a banki kwa akuba a pa intaneti. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi polowera pake.

Zinthu zitatu zimene anthu amakanganirazi zimagwiranso ntchito zosiyana. Digiri kapena dipuloma ndi imene imachititsa kuti kalata yanu yofunsira ntchito iwerengedwe, makamaka m'boma ndi m'makampani akuluakulu. Satifiketi ya kampani ngati Cisco imachitira umboni kuti mumadziwa chinthu chimodzi, monga netiweki, pa mlingo wodziwika dziko lonse lapansi. Luso lopezeka pogwira ntchito ndi limene limakuombolani tsiku limene makina aima, anthu ali pamzere, abwana maso ali pa inu. Amene amakhalitsa pa ntchitoyi amadzakhala nazo zonse zitatu. Choncho chimene mukusankha lero ndi choyambira chabe, ndipo chimatengera mmene mwakhozera MSCE, mmene thumba la pakhomo lilili, ndi bwana amene mukumulozayo.

Kuno kuchigwa kuli ntchito za makompyuta, kapena mpaka ndikwere ku Blantyre?

Zilipo, kungoti zambiri pachitseko salembapo IT. Yambani ndi zipatala. Unduna wa Zaumoyo umasunga ziwerengero zake mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo chipatala chilichonse, kuyambira cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje mpaka za mishoni ngati St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona, chimafuna anthu olowetsa ndi kuwongolera ziwerengerozo. M'makiliniki ambiri a ma ARV m'dziko muno muli makompyuta ochita kudina pagalasi, amene anayamba ndi bungwe la Baobab Health Trust. Makinawa akaima, mzere wa odwala nawo umaima.

Ku khonsolo kuli mpando wa woyang'anira makompyuta, amene amadziwika kuti MISO, ndipo ndalama za boma zimayendera pulogalamu ya IFMIS. Kalembera wa mabanja olandira Mtukula Pakhomo amachitika ndi matabuleti. Fakitale ya shuga ya Illovo ku Nchalo singayende popanda makompyuta: sikelo ya nzimbe, malipiro a antchito, katundu wa m'sitolo, zonse zili m'makina. Ntchito ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikukumba ngalande kuchokera ku Kapichira, imadalira mapu a pa kompyuta poyeza ndi kulembetsa minda. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003, nyama zina amazilondola ndi makina ozimangirira m'khosi.

Ndiye pali madzi osefukira. Mu 2015, mu 2019, pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Marichi 2023, mabungwe othandiza anafuna achinyamata odziwa kulemba maina a anthu m'misasa ndi foni kapena tabuleti, komanso olankhula Chisena ndi Chimang'anja cha komweko.

Chilungamo chake n'chakuti mipando yokhazikika ndi yochepa, ntchito zambiri ndi za kontirakiti ya miyezi, ndipo zolemba mapulogalamu zili kwambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma poyambira pali kuno komwe.

Ndakhoza bwino MSCE. Kodi yunivesite ndi yoyenera zaka zonsezo?

Ngati dzina lanu latuluka, pitani. Musamvere za amene akuti digiri inatha ntchito. Kuti mulowe m'sukulu zaukachenjede za boma pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro a makompyuta amayang'anitsitsa masamu. Kusankha kumayendetsedwa ndi bungwe la NCHE. MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, ili ndi digiri ya Computer Systems and Security ndi ya Business Information Technology. MUBAS ku Blantyre, imene tinkaitcha Polytechnic isanaime payokha mu 2021, imaphunzitsa Information Technology. University of Malawi ku Zomba ili ndi Computer Science, ndipo Mzuzu University ili ndi ICT. Ofooka m'thumba angathe kupempha ngongole ku bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, la HESLGB.

Digiri imapereka zinthu zitatu zimene satifiketi singapereke. Choyamba ndi maziko: masamu, kaganizidwe ka mapulogalamu, kamangidwe ka nkhokwe za deta. Zida zimasintha chaka ndi chaka, koma mazikowa sasintha. Chachiwiri ndi giredi. M'boma, munthu wa digiri nthawi zambiri amayambira pa giredi I, wa dipuloma pa giredi K, ndipo kusiyana kumeneku kumamutsatira m'malipiro zaka zambiri. Chachitatu ndi anthu. Amene mudzakhale nawo m'kalasi ndi amene adzakhale m'mabanki, ku Airtel, ku TNM ndi m'maunduna, ndipo ndi amene adzakutsineni khutu mpata ukapezeka.

Chimene digiri singachite ndi kukugwirirani screwdriver. Alipo omaliza zaka 4 amene sangathe kulumikiza pulinta pa netiweki ya ofesi. Tchuthi chilichonse mukatsika kumudzi, kapempheni atachimenti pa chipatala, pa khonsolo kapena pa sukulu ya sekondale.

Mapointi anga achuluka, dzina silinatuluke. Ndiye kuti zatha?

Sizinathe. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kuposa amene amayenera kulowa, ndipo ophunzira ambiri a m'ma CDSS amafika Fomu 4 asanakhudzepo kompyuta. Njira zina zilipo.

Ngati chakugwetsani ndi masamu kapena Chingerezi chokha, ganizirani zolembanso MSCE. Chaka chimodzi chokonza kirediti ya masamu chimatsegula makomo amene akanatsekeka moyo wonse, chifukwa ngakhale mutadzafuna digiri muli ndi zaka 30, adzakufunsanibe MSCE.

Njira ina ndi dipuloma. NACIT, koleji ya boma ya zamakompyuta, ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo imaphunzitsa madipuloma a bungwe la NCC Education la ku Britain, amene munthu angathe kukwera nawo mpaka digiri. Ena mwa makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA amaphunzitsanso ICT, ndipo amene asankhidwa kudzera ku boma amalipira fizi yotsika. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji otere m'madera. Kafunseni ku ofesi ya zantchito pa boma kuti ndi ati amene ali ndi ICT. Palinso mayunivesite omwe si aboma, monga Daeyang ku Lilongwe, kwa amene thumba likulola.

Dipuloma ili ndi ubwino wina: mayunivesite amalandira anthu a dipuloma amene agwirapo ntchito kudzera pa khomo la mature entry, ena n'kumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu uku akugwira ntchito. Njirayi ndi yaitali, koma fizi mumalipira ndi malipiro anu, osati ndi mbuzi za makolo.

Makoleji ophunzitsa makompyuta angoti mbwee. Ndidziwa bwanji yeniyeni?

Safunsa anadya phula. Musanapereke tambala, funsani zinthu zinayi. Kodi sukuluyi inalembetsedwa ku NCHE kapena ku TEVETA? Kodi maphunziro amene mukufunawo, osati dzina la sukulu lokha, ndi ovomerezeka? NCHE imatulutsa mndandanda wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo pepala lochokera kwina boma silingaliwerengere. Kodi mayeso amachokera kuti, ndipo satifiketi adzasaina ndani? Pomaliza, pemphani kuona chipinda cha makompyuta pa nthawi ya kalasi. Werengani makompyuta amene akuyaka, werenganinso ophunzira. Ngati anthu 40 akulimbirana makompyuta 5, mudzatuluka ndi manotsi okhaokha.

Masukulu aang'ono a m'matauni a kuno, ophunzitsa Word ndi Excel kwa miyezi itatu, ali ndi ntchito yake: amachotsa mantha kwa amene sanagwirepo mouse. Koma pepala lawo ndi lotsimikiza kuti mumatha kugwiritsa ntchito kompyuta, osati kuti ndinu katswiri wa IT. Lipirani mtengo wogwirizana ndi zimenezo.

Nanga CCNA ndi CompTIA zimene anthu amatchulazi n'chiyani?

Awa ndi mayeso okonzedwa ndi makampani kapena mabungwe a kunja. Safunsa MSCE. Aliyense wolipira angathe kulemba. CompTIA A+ ndi ya oyamba: mkati mwa kompyuta, Windows, kupeza chimene chavuta. Ili ndi mayeso awiri, ndipo aliwonse amapitirira madola 200. CCNA ndi ya kampani ya Cisco, yokhudza netiweki: ma router, ma switch, kagawidwe ka maadiresi. Kuyambira 2020 ndi mayeso amodzi, a nambala 200-301, ndipo mtengo wake ndi madola 300. Huawei, imene zipangizo zake zili zambiri pa netiweki za m'dziko muno, ili ndi HCIA. Amazon ndi Microsoft nawo ali ndi awo okhudza ntchito za cloud.

Pali zinthu ziwiri zimene okunyengererani satchula. Choyamba, mtengo uli m'madola. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa mtengo wa ku banki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, madola 300 anali kupitirira theka la miliyoni ya kwacha, ndipo kuwapeza madolawo ku banki inali nkhani ina. Mukalephera mayeso, ndalama yapita, kulembanso n'kulipiranso. Chachiwiri, masatifiketiwa amatha. CCNA ndi CompTIA A+ zimakhala zaka 3, kenako muyenera kuzikonzanso. Ena amathetsedwa kumene: Microsoft inasiya MCSA mu 2021. Munthu amene walemba CCNA lero n'kukhala zaka ziwiri pakhomo, wadya kale gawo lalikulu la moyo wa pepala lake.

N'chifukwa chake satifiketi imapindulitsa kwambiri munthu amene ali kale pafupi ndi zipangizozo: wa dipuloma amene akufuna kusiyana ndi anzake pa intavyu, kapena wantchito amene akufuna kukwezedwa. Mabwana ena amalipirira antchito awo mayesowa. Kuphunzira kwake yambani lero, chifukwa Cisco Networking Academy ili ndi maphunziro ena aulere, ndipo pulogalamu yake ya Packet Tracer imakulolani kumanga netiweki yoyeserera pa laputopu. Kulipira mayeso dikirani mpaka mutaona ntchito imene ikufuna pepalalo.

Kodi mayesowa ndingalembe ndili ku Nsanje konkuno?

Mwa lamulo n'zotheka. Mayeso a Cisco ndi CompTIA amayendetsedwa ndi kampani ya Pearson VUE, imene imalola kulembera pa malo ovomerezeka kapena kunyumba kudzera pa intaneti. Koma taonani mmene kulembera kunyumba kumakhalira. Mumajambula chiphaso chanu ndi mbali zonse za chipinda. Patebulo pasakhale pepala kapena foni. Kamera imakhala yoyaka nthawi yonse, woyang'anira ali kunja kwa dziko akukuonani. Mwana akatsegula chitseko kudzatenga ndowa, kapena wina akalankhula pawindo, mayeso angathe kuimitsidwa. Magetsi akathima kapena netiweki ikagwa pakati pa mayeso, mwagwira njakata. Amene anaona mdima umene unatsatira kuwonongeka kwa siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu 2022 sangaike madola 300 pa chingwe cha magetsi chokha. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo maofesi ena ali nayo, komabe kwa ambiri nzeru ndi kukwera basi, kukagona ku Blantyre, n'kukalembera pa malo ovomerezeka.

Chenjeraninso ndi ogulitsa mafunso obedwa, otchedwa ma dumps. Makampani amalanda satifiketi akakugwirani. Ngakhale asakugwireni, pa intavyu adzakupatsani switch ndi chingwe kuti muonetse, ndipo mayankho oloweza sadzakuthandizani.

Za ulere za pa intaneti, ngati za Google ndi Coursera, zili ndi phindu?

Pophunzira, zili ndi phindu lalikulu. CS50 ya yunivesite ya Harvard ndi freeCodeCamp ndi zaulere ndipo zimaphunzitsa kulemba mapulogalamu mozama. Google IT Support ya pa Coursera ndi yolipira, koma munthu angathe kupempha thandizo la fizi. Pofunsira ntchito, mapepala ake ndi opepuka, chifukwa palibe amene anakuyang'anirani polemba. Komiti yolemba ntchito m'boma singawaike m'malo mwa dipuloma. Musadzaze CV ndi masatifiketi 15 a maola awiriawiri. Sankhani maphunziro amodzi, amalizeni, kenako pangani chinthu chooneka: kaundula wa mamembala a kopaletivi ya alimi a thonje, dongosolo la Excel lowerengera ngongole za banki m'khonde, kapena mapu a mijigo ya m'dera lanu pa pulogalamu yaulere ya QGIS. Chimenecho ndiye mukaonetse.

Paliponse akuti akufuna wogwirapo ntchito zaka ziwiri. Ndizitenga kuti zakazo ngati sakundilemba?

Apa ndi pamene wa kuchigwa angapose wa m'tauni, chifukwa kuno anthu odziwa ndi ochepa ndipo zowonongeka ndi zambiri. Tiyerekeze kompyuta ya mu ofesi ya ahedi pa sekondale ina, mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40. Ikayaka mphindi 20 imazima yokha. Anthu agamula kale kuti yapsa, ikudikira galimoto yopita ku Blantyre. Inu mwapempha chilolezo, mwaizula ku magetsi, mwamasula chivundikiro. Fani yatsekeka ndi fumbi lochita kuumbika, ndipo pakona mavu amangapo nyumba. Mwapukuta ndi kaburashi, mwapaka thermal paste yatsopano pa purosesa, mwaisuntha kuichotsa pawindo la dzuwa. Yayaka tsiku lonse. Kenako mwakopera mafayilo a sukulu pa flash, n'kuwalangiza kuti kopi ina izikhala pamalo okwera, poti madzi akabwera safunsa. Imeneyo ndi ntchito ya IT yeniyeni. Chimene ambiri amaiwala ndi kuilemba.

Khalani ndi kope. Lembani tsiku, malo, vuto, chimene munachita ndi zotsatira zake. Mukathandiza malo kwa miyezi ingapo, pemphani kalata yokhala ndi chidindo, yonena zimene munkachita ndi nthawi yake. Makalata atatu otere ndi zaka ziwiri zija.

Malo opezera luso ndi awa: shopu zosindikiza ndi kukonza mafoni ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula, maofesi a parishi ndi mipingo, wailesi za m'madera ngati Nyanthepa ku Nsanje, makampani oika sola ndi makamera, ndi maganyu a kalembera. Kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, kalembera wa anthu wa 2018 ndi chisankho cha 2025 zonse zinalemba achinyamata ogwiritsa ntchito makina. Mabungwe ambiri amasonkhanitsa deta ndi KoboToolbox kapena ODK. Wodziwa kudzaza fomu ndi mmodzi mwa ambiri, koma wodziwa kupanga fomuyo ndi kuyeretsa deta yake mu Excel amaitanidwanso. Omaliza maphunziro aukachenjede ali ndi mwayi wina: ndondomeko ya boma ya internship imene inayamba mu 2018.

Chenjezo limodzi. Pa ntchitozi mudzaona zinsinsi: maina a odwala, malipiro a anthu, zithunzi za m'foni ya kasitomala. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti ndi la 2024 loteteza deta ya anthu. Koma lamulo lisanakupezeni, mbiri idzakhala itakupezani kale, poti kuno tonse timadziwana.

Ngati luso ndi lofunika chotere, bwanji ndingosiya za mapepala?

Mungathe, ngati cholinga chanu ndi bizinesi yanu kapena kulemba mapulogalamu. Kasitomala wobwera ndi foni yakufa safunsa dipuloma, ndipo makampani ena a mapulogalamu amayang'ana zimene mwapanga n'kuika pa GitHub. Koma dziwani pamene njirayi imathera. Ntchito za boma, za khonsolo ndi za zipatala zimalengezedwa ndi pepala lofunika, ndipo amene alibe amachotsedwa intavyu isanafike, ngakhale akhale amene wakhala akukonza makompyuta a ofesi yomweyo mongodzipereka. Mabungwe akuluakulu ndi mabanki amachitanso chimodzimodzi. Oganiza za ku Joni adziwe kuti pofunsira chilolezo chogwirira ntchito zaukatswiri, mapepala a sukulu amayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA.

Palinso vuto lina la wophunzira yekha: amadziwa zimene wakumana nazo basi. Angathe kukonza mapulinta zaka 10 osadziwa chifukwa chimene makompyuta awiri akulimbirana adiresi imodzi. Ngati mwayamba ndi ntchito, dziikireni malire, monga zaka ziwiri, kuti mukhale mutalembetsa dipuloma, ndipo muzipatula ya fizi mwezi ndi mwezi.

Ndilibe laputopu, kwathu kulibe magetsi. Ndiyambire pati?

Foni ya Android ingakuyambitseni: kuwerenga, kuonera maphunziro, ngakhale kuyesa chilankhulo cha Python pa mapulogalamu ngati Pydroid. Koperani mavidiyo pamene mwapeza Wi-Fi kapena bandulo yotsika mtengo, muzionera pambuyo. Koma foni ili ndi malire. Simungaphunzire netiweki kapena Excel mozama popanda kiyibodi. Laputopu yakale yogwiritsidwapo ntchito, ya RAM ya 8GB ndi SSD, ndi yokwanira zaka zoyamba. Pogula, yesani batire, kiyibodi ndi chaja pomwepo. Ngati ndi yofooka, ikanimo Linux, imene ndi yaulere ndipo kuidziwa ndi luso logulitsika palokha. Anzanu awiri kapena atatu mungathe kusonkherana sola ndi bandulo. Kufunsa ahedi kuti muzisamalira chipinda cha makompyuta cha sukulu, iwo n'kumakulolani kuphunziramo madzulo, ndi malonda abwino kwa onse.

Ndine kholo. Ndigulitse ng'ombe kuti mwana achite zimenezi? Nanga ngati ndi mtsikana?

Ng'ombe igulitsidwe pa chinthu chokhalitsa: fizi ya pa sukulu yovomerezeka, kapena laputopu. Isagulitsidwe pa mayeso a madola kwa mwana amene sanagwirepo router, kapena pa koleji imene simunaione ndi maso. Musanagulitse, werengani mtengo wonse, osati fizi yokha: lendi ku Blantyre, chakudya, thiransipoti, bandulo, ndalama za mayeso, kwa zaka zonse. Ana ambiri amasiyira panjira chifukwa makolo anakonzekera teremu yoyamba yokha. Muyeseninso mwanayo. Amene amakondadi ntchitoyi amaoneka msanga: ndi uja anthu a m'mudzi amamupititsira foni ikavuta, uja sagona mpaka atapeza chimene chalakwika. Kukonda Facebook si chizindikiro.

Za mtsikana, ntchitoyi ilibe chimene chimafuna mphamvu za mwamuna. Malo oyamba m'dziko muno osulira achinyamata pa luso la makompyuta, mHub ku Lilongwe, anayambitsidwa ndi mayi, Rachel Sibande. African Drone and Data Academy, imene UNICEF inatsegula mu 2020 mogwirizana ndi MUST ndi Virginia Tech, yaphunzitsa atsikana ambiri kuulutsa ma drone ndi kupanga mapu, luso limene chigwa chosefukira madzi ngati chino chimalifuna chaka ndi chaka.

Mwachidule, ndichite chiyani chaka chino?

Ngati mwasankhidwa ku yunivesite, pitani, pemphani ngongole msanga, gwirani atachimenti tchuthi chilichonse, ndipo satifiketi imodzi mudzailembe chakumapeto, mutadziwa mbali imene mukulowera.

Ngati muli ndi MSCE yabwino koma simunasankhidwe, ndipo pakhomo angakwanitse, tengani dipuloma pa sukulu yovomerezeka, muzigwira maganyu a makompyuta uku mukuphunzira, digiri idzabwere ndi malipiro anu.

Ngati ndalama palibe, yambani ndi ntchito iliyonse yokuikani pafupi ndi makina, phunzirani zaulere madzulo, sungani kope ndi makalata, konzani kirediti ya masamu, ndipo lembetsani ku TEVETA akalengeza malo.

Onse atatu achite chinthu chimodzi sabata ino. Pezani zilengezo 10 za ntchito za makompyuta, za m'nyuzi, za pa bolodi la khonsolo ndi za pa intaneti, zimene mungakonde kudzagwira zaka 5 zikubwerazi. Lembani pepala limene chilichonse chikufuna, satifiketi imene yatchulidwa ndi zaka zimene akufuna. Chimene chabwerezedwa kwambiri pa mndandandawo ndicho muyambe kusungira ndalama.